Buku la sayansi limene mwana wa mu Lusaka angaliyese pabwalo

Mabuku ambiri a ana ofotokoza za sayansi ndi chilengedwe amene amapezeka mu Lusaka, kaya m'masitolo akuluakulu, kaya kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa misewu ya m'tauni, kaya m'makatoni a mphatso amene amafika m'masukulu, analembedwera ana a kumayiko a kumpoto kwa dziko lapansi. Mabukuwa ndi okongola, mapepala ake ndi olimba, ndipo kawirikawiri zimene amanena n'zoona. Vuto lagona pakuti zambiri mwa zoonazo n'zoona ku London kapena ku Chicago, moti mwana wa ku Matero kapena ku Chawama akatseka buku n'kutuluka panja kuti akadzionere yekha, amakapeza zosiyana ndi zimene wawerenga. Pa buku la nthano zimenezi sizidetsa nkhawa kwenikweni, koma pa buku la sayansi ndi nkhani yaikulu, chifukwa sayansi yonse imatsamira pa mfundo yakuti zimene munthu wauzidwa angathe kuziyesa n'kuona ngati zilidi choncho.

Nkhani ya dzuwa ndi imene imaonetsa bwino vutoli. Mzinda wa Lusaka uli pa madigiri pafupifupi 15 kummwera kwa mzere wa ikweta. Buku lolembedwa ku Ulaya limauza mwana kuti masana dzuwa limakhala chakummwera ndipo mthunzi umaloza kumpoto chaka chonse. Kuno mwana akazika kamtengo pabwalo m'mwezi wa Juni n'kukayang'ana cha m'ma 12 koloko masana, adzaona mthunzi wautali ndithu utaloza kummwera, popeza dzuwa limakhala litapendekera kumpoto. Akapitiriza kuika chizindikiro pamene mthunziwo wathera mlungu uliwonse, adzaona ukufupika pang'onopang'ono mpaka kumayambiriro kwa Novembala, pamene kamtengoko kamatsala pang'ono kukhala kopanda mthunzi chifukwa dzuwa lafika paliwombo penipeni. Mu Disembala kamthunzi kakafupi kamadumphira mbali ya kumpoto, ndipo kumayambiriro kwa Febuluwale kamazimiririkanso dzuwa likamabwerera. Mwana wa ku Ulaya sangaone zimenezi ali kwawo ngakhale atadikira zaka zingati, chifukwa kumeneko dzuwa silifika pamutu, ndipo n'chifukwa chake mabuku awo sazitchula. Mwana wathu ali ndi mwayi woona ndi maso ake umboni wakuti dziko lapansi ndi lopendekeka ndi madigiri pafupifupi 23.5 pamene likuzungulira dzuwa, koma palibe tsamba lomuuza kuti akayang'ane.

Nyengo nazonso zimasokoneza m'njira yomweyo. Buku lakunja limajambula nyengo zinayi, ndipo Disembala limamuika pansi pa chipale chofewa. Ife tili ndi dzinja kuyambira cha mu Novembala mpaka Epulo, nyengo yozizira kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndi chilimwe chotentha mu Seputembala ndi Okutobala. Funso limene mwana wa kuno angafunse ndi lakuti, n'chifukwa chiyani Okutobala amatentha kuposa Januwale? Yankho lake n'lokoma kulifotokoza. Mu Okutobala dzuwa limakhala litatsala pang'ono kufika pamutu, kumwamba kulibe mitambo yolitchinga, ndipo nthaka imakhala youma kotero kuti kutentha konse kumathera pa nthaka ndi mpweya. Mvula ikayamba, mitambo imabweza gawo lina la kuwala kwa dzuwa, ndipo gawo lina la kutentha limathera pa kuumitsa madzi a m'nthaka ndi m'masamba. Pali msampha wina umene buku lathu liyenera kuuzemba. Dziko lapansi limayandikira kwambiri dzuwa kumayambiriro kwa Januwale, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 147 miliyoni, ndipo limatalikira kwambiri kumayambiriro kwa Julayi, pa makilomita pafupifupi 152 miliyoni. Mwana wa kuno akamva zimenezi angaganize kuti Julayi amazizira chifukwa cha kutalikirako, pamene chenicheni n'kupendekeka kwa dziko, ndipo umboni wake ndi wakuti mwezi womwewo wa Julayi anzake a ku Ulaya amakhala ali m'nyengo yotentha.

Usiku nkhani ndi yomweyo. Nyenyezi ya kumpoto imene mabuku ambiri amati imatsogolera apaulendo sioneka ngakhale pang'ono munthu ali mu Lusaka, pamene nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda zimene zimatisonyeza kummwera zimaoneka bwino madzulo a nyengo yozizira. Nthanda imene agogo amaidziwa ndi pulaneti lotchedwa Venus. Makolo ambiri a ana a masiku ano anaona ndi maso awo kadamsana wa pa 21 Juni 2001, pamene mwezi unaphimba dzuwa lonse mu Lusaka kwa mphindi zopitirira zitatu masanasana, ndipo buku lofotokoza kadamsana likanayambira pa tsiku limenelo, mwana akanathamangira kwa amayi ake kukafunsa kuti iwo anali kuti ndipo nkhuku zinatani.

Ngakhale zinthu zooneka ngati sizingasinthe ndi malo zimasintha. Pafupifupi buku lililonse limati madzi amawira pa madigiri 100. Zimenezi n'zoona m'mphepete mwa nyanja yamchere, koma Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, pamene mpweya supanikiza kwambiri, ndipo madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96. Wophunzira amene wayeza mosamala n'kupeza 96 amayamba kukayikira maso ake, amafufuta, n'kulemba 100 kuti asalakwe. Kwa ine apa ndi pamene pali chiwonongeko chachikulu, chifukwa mwanayo waphunzira kuti choonadi cha m'buku ndi china, cha m'maso mwake ndi chinanso, ndipo choyenera kuloweza kuti akhoze mayeso ndi cha m'buku. Mwana wotere angathe kupeza malikisi abwino mpaka kumaliza sukulu asanakhulupirirepo kuti iye mwini angathe kufufuza kanthu n'kupeza yankho.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zinthu zoti zidzaze mabuku athu zilipo zambirimbiri. Nkhalango za miyombo zimene zakuta gawo lalikulu la Zambia zimatulutsa masamba atsopano ofiirira mu Seputembala, mvula isanagwe n'komwe, chifukwa mitengoyo imadalira madzi ndi chakudya chimene mizu yake yozama inasunga. Bowa wambiri amene amagulitsidwa m'misika ya mu Lusaka m'dzinja amakhala molumikizana ndi mizu ya mitengo imeneyi, bowayo n'kumathandiza mtengo kuyamwa madzi ndi michere ya m'nthaka, mtengo n'kumamupatsa shuga, ndipo n'chifukwa chake malo amene mitengo yatha ndi kuotcha makala bowa wamtunduwu amasowanso. Mwana amene amaona matumba a makala akulowa m'tauni pa njinga tsiku ndi tsiku, ndiponso amamva amayi ake akudandaula kuti bowa wakwera mtengo, angamvetse kulumikizana kumeneku msanga kuposa mmene angamvetsere za zimbalangondo za kumalo oundana. Inswa zimene ana amatola pansi pa getsi mvula yoyamba ikagwa ndi chiswe chamapiko chimene chatuluka kukayambitsa mabanja atsopano, ndipo mitundu ina ya chiswe imalima bowa mkati mwa chulu kuti aziwafewetsera udzu ndi timitengo. Mmodzi mwa bowa wolimidwa ndi chiswe, amene akatswiri amamutcha Termitomyces titanicus, amatha kutambasuka pafupifupi mita imodzi, ndipo anafotokozedwa koyamba m'mabuku a sayansi mu 1980 kuchokera kuno ku Zambia. Ku paki ya nyama zakutchire ya Kasanka mileme yodya zipatso imasonkhana mamiliyoni angapo kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala, ikudya masuku ndi zipatso zina zam'tchire n'kumamwaza mbewu zake kutali. Chigaza cha munthu wakale chimene chinafukulidwa mumgodi wa ku Kabwe mu 1921 chimatchulidwa m'mabuku a mbiri ya anthu padziko lonse, ngakhale kuti chimasungidwa ku London.

Komabe sindikufuna kuti tiganize kuti buku la chilengedwe liyenera kukhala la nyama za kutchire basi, chifukwa ana ambiri a mu Lusaka amakulira m'makomboni, ndipo chilengedwe chimene chimawakhudza kwambiri ndi madzi a pansi pa mapazi awo. Gawo lalikulu la mzindawu linamangidwa pa miyala ya laimu, imene madzi a mvula akhala akuisungunula pang'onopang'ono kwa zaka zosawerengeka mpaka kusiya ming'alu ndi mapanga pansi pa nthaka. M'nthaka yamchenga madzi amayenda pang'onopang'ono ndipo amasefeka, koma m'ming'alu yotereyi amathamanga osasefeka. M'madera monga Kanyama, kumene madzi a pansi ali pafupi kwambiri ndipo m'dzinja amakwera mpaka kusefukira, zonyansa za m'chimbudzi chokumba zimatha kufika m'chitsime chosazama cha pafupi, madziwo n'kumaonekabe oyera. Umu ndi mmene mabakiteriya oyambitsa kolera amapezera njira. Ana a mumzinda uno anaona mliri umene unayamba mu Okutobala 2017, anaonanso wa 2023 mpaka 2024, pamene masukulu anachedwa kutsegulidwa mpaka Febuluwale ndipo bwalo la National Heroes Stadium linasandutsidwa malo othandizira odwala. Anauzidwa mobwerezabwereza kuti azisamba m'manja ndi kumwa madzi owiritsa kapena othira klorini, ndipo malangizowo ndi abwino, koma lamulo lopanda chifukwa chake limaiwalika mliri ukangodutsa. Buku lokhala ndi chithunzi chosonyeza nthaka yodulidwa pakati, chimbudzi mbali ino, chitsime mbali inayo, ndi mng'alu wa mwala wolumikiza ziwirizo, lingapatse mwana chifukwa chimene sangachiiwale. Lingamutsimikizirenso kuti ngakhale madzi a kuno amawira pa madigiri 96, kutentha kumeneko n'kokwanira kupha mabakiteriyawo.

N'chimodzimodzi ndi magetsi. M'chaka cha 2024, pamene boma linalengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, mabanja a mu Lusaka ankakhala maola ambiri pa tsiku opanda magetsi. Ana ankamva akuluakulu akunena kuti ku Kariba madzi achepa, koma ndi angati amene anamvetsa mmene madzi a m'damu amasandukira kuwala kwa m'nyumba? Magetsi ambiri a dziko lino amachokera ku madzi a mitsinje ya Zambezi ndi Kafue, amene amagwera m'mapaipi akuluakulu n'kuzungulitsa makina okhala ndi maginito ndi mawaya, ndipo madzi akatsika kwambiri makinawo sangayendetsedwe onse. Nkhani imeneyi imalumikiza mvula, mtsinje, maginito ndi kandulo imene mwana akuwerengera, ndipo ingakwane m'masamba 24 okhala ndi zithunzi zabwino.

Funso la chiyankhulo ndi lovuta, ndipo silingayankhidwe ndi mawu amodzi. Kuchokera mu 1966 lamulo la maphunziro linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira kuyambira Giredi 1. Mu 2014 masukulu anayamba kuphunzitsa m'ziyankhulo za kuno kuyambira Giredi 1 mpaka Giredi 4, ndipo mwa ziyankhulo zisanu ndi ziwiri zovomerezeka m'masukulu, Lusaka ndi chigawo cha Kum'mawa anapatsidwa Chinyanja. Silabasi yatsopano imene inayamba kulowa m'masukulu mu 2025 yapatsanso Chingerezi malo aakulu kuyambira m'makalasi oyambirira. Kaya ndondomeko itembenukira mbali iti, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amafunsa mafunso ake enieni m'chiyankhulo chimene amasewerera, ndipo buku lowerenga kunyumba liyenera kumuyankha momwemo kapena kukhala ndi ziyankhulo ziwiri moyandikana. Koma wolemba akumbukire kuti Chinyanja cha ana a mu Lusaka n'chosakanikirana ndi Chibemba ndi Chingerezi, ndipo chimasiyana ndi cha ku Katete kapena ku Lilongwe. Buku lodzaza ndi mawu akale amene ngakhale makolo a mwanayo sawadziwa limakhala lachilendo kwa iye mofanana ndi la Chingerezi. Wolemba wanzeru amagwiritsa ntchito mawu amene mwana amawamva kale, n'kuonjezerapo ochepa atsopano amene chithunzi chikuwafotokoza, ndipo saopa kubwereka mawu monga okosijeni kapena mabakiteriya pamene palibe ena omveka.

Palinso malo ena amene chiyankhulo chathu cha tsiku ndi tsiku chimaphatikiza zinthu zimene sayansi imazilekanitsa, ndipo womasulira wongotsata mawu amaphonya pomwepo. Timati shuga wasungunuka mu tiyi, timatinso kandulo yasungunuka, koma zochitikazo n'zosiyana: kandulo yasintha kuchoka pa cholimba kukhala chamadzimadzi chifukwa cha kutentha, pamene shuga wagawika m'tizidutswa tosaoneka n'kumwazikana m'madzi, ndipo angatero ngakhale m'madzi ozizira. Buku labwino silidalira mawu okha pamenepa. Limauza mwana kuti asungunule mchere m'madzi, athire pa mbale, aike padzuwa, ndipo madziwo akauma aone mchere utabwerera. Momwemonso mawu akuti tizilombo timawagwiritsa ntchito ponena nyerere, udzudzu ndi zoyambitsa matenda zosaoneka ndi maso. Mwana akawerenga kuti malungo amayamba ndi tizilombo angaganize kuti akunena udzudzu weniweniwo, pamene udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles umangonyamula kachilombo kena kakang'ono kwambiri kotchedwa Plasmodium kuchoka kwa wodwala kupita kwa wina. Popanda kulekanitsa ziwirizi, mwanayo sangamvetse chifukwa chake kuchiritsa wodwala msanga kumatetezanso ena a m'nyumbamo.

Nthano zathu zili ndi malo ake, ndipo sindingafune kuti mwana akule osamva za Kalulu ndi Fisi. Chofunika n'chakuti buku lisonyeze poyera pamene nthano yathera ndi pamene zoona zayambira. Ana ambiri amaopa bilimankhwe ndipo amamugenda, chonsecho alibe ululu ndipo amadya ntchentche ndi ziwala. Kadzidzi akalira padenga anthu ena amati walosera maliro, pamene mbalameyo yabwera kudzasaka makoswe. Wolemba amene amanyoza zikhulupiriro za makolo amataya mwana ndi agogo ake omwe, ndipo amene amaziopa n'kukhala chete sanathandize aliyense. Njira yabwino ndiyo kunena mwaulemu zimene anthu amakhulupirira, kenako n'kupempha mwana kuti aphwanye timibulu ta ubweya timene kadzidzi amalavula pansi pa mtengo wake, aone yekha timafupa ta makoswe tili m'katimo, ndipo akatha asambe m'manja ndi sopo.

Zithunzi zimafunika kuziyang'anitsitsa mofanana ndi mawu, chifukwa mwana wamng'ono amakhulupirira chithunzi asanathe kuwerenga. Njovu ya ku Asia ili ndi makutu aang'ono poyerekeza ndi njovu ya kuno, ndipo mphaka wamkulu wamizeremizere amene mabuku ena amamujambula pamodzi ndi mikango sakhala mu Africa ayi. Chithunzi chiyenera kusonyezanso kukula kwenikweni kwa chinthu, mwina poika dzanja la munthu pambali pake. Ndipo pali zina zimene buku siliyenera kulonjeza: mwana asauzidwe kuti angazindikire bowa wodyedwa kapena njoka yopanda ululu pongoyerekeza ndi chithunzi, chifukwa kulakwitsa pamenepo kumatengetsa moyo.

Chifukwa chimene mabuku otere alili ochepa n'chosavuta kuchimvetsa. Buku la sayansi la ana limafuna wolemba, katswiri woona ngati mfundo zili zolondola, wojambula waluso ndi mkonzi wa chiyankhulo, ndiponso limafuna kusindikizidwa ndi mitundu, pa mapepala amene amagulidwa kunja. Mtengo wa buku limodzi umatsika pokhapokha akasindikiza ambiri nthawi imodzi, koma wosindikiza sangaike ndalama zake pa mabuku masauzande ambiri asanadziwe amene adzagule. Motero makampani osindikiza amathamangira mabuku a m'kalasi otsata silabasi, amene akavomerezedwa ndi Curriculum Development Centre, nthambi ya boma yokonza silabasi, amakhala ndi msika wodziwika, pamene buku longowerenga mosangalala lofotokoza za chiswe limatsala lopanda mwini. Kuchokera mu Januwale 2022, pamene maphunziro aulere anafika mpaka ku sekondale, makalasi adzaza kwambiri, ndipo kumene buku la m'kalasi lenilenilo amagawana ana angapo, mabuku owonjezera amaoneka ngati osafulumira.

Ngakhale zili choncho, maziko alipo. Bungwe loteteza zachilengedwe limene masiku ano limatchedwa Wildlife and Environmental Conservation Society of Zambia linayambitsa makalabu a Chongololo m'masukulu a pulayimale mu 1972, pamodzi ndi magazini ndipo kenako pulogalamu ya pa wailesi, ndipo akuluakulu ambiri a lero anadziwira kumeneko nyama ndi mitengo ya dziko lawo. Makalabu a sayansi a m'masukulu otchedwa JETS akhala akulimbikitsa ophunzira kupanga ndi kuyesa zinthu kuchokera mu 1968. Malaibulale a Lubuto, amene yoyamba inatsegulidwa ku Kamwala mu 2007 ndipo ina ku Garden mu 2010, amalola ana kulowa n'kuwerenga ngakhale amene sali pasukulu. Pa intaneti, African Storybook ya ku South Africa ndi StoryWeaver ya ku India zimapereka mabuku a ana amene aliyense amaloledwa kukopera, kumasulira, kusintha ndi kusindikiza popanda kulipira. Chilolezo chosintha ndi chimene aphunzitsi athu akanachigwiritsa ntchito kwambiri, chifukwa buku la nyengo lolembedwera ana a ku India silikwanira kungolimasulira: miyezi, mbali imene dzuwa lili, mbewu ndi mbalame zonse ziyenera kukonzedwa kuti zigwirizane ndi kuno, ndipo munthu wodziwa phunzirolo aziwerenge zisanafike kwa ana.

Kholo limene lili ndi mabuku akunja okha lisawataye. Nkhani za thupi la munthu, maginito, kuwala ndi mapulaneti n'zofanana kulikonse, ndipo masamba amene sakugwirizana ndi kuno angasanduke phunziro ngati wamkulu afunsa kuti, "Kodi kwathu kuno zimakhalanso choncho? Tiye tikaone." Posankha buku latsopano ndi bwino kuona chaka chimene linasindikizidwa, popeza lakale kuposa 2006 lidzanena kuti mapulaneti alipo 9 pamene masiku ano amawerengedwa 8, ndiponso kuona ngati zoyesera zake zingatheke ndi botolo lapulasitiki, mchere, nyemba, ulusi ndi kamtengo, osati zipangizo zimene sizipezeka m'nyumba zathu. Amene angakwanitse ulendo angatenge mwana ku Munda Wanga ku Chilanga kapena ku Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015 kunja pang'ono kwa mzinda, atawerenga kaye za nyama zimene akukaona. Mwanayo apatsidwenso kope lakelake, mmene azilembamo tsiku limene mvula yoyamba yagwa, tsiku limene inswa zatuluka, ndi utali wa mthunzi wa kamtengo kake Loweruka lililonse masana, kuti chaka chamawa adzayerekeze ndi zimene adzaone.